Injini ya 15 kapena ya 40 pa Shire: ndayesa zitatu, imodzi inandiliza

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa kuti agule injini iti ya boti lawo la matabwa, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Ine ndimaolotsa anthu ndi katundu kumunsi kuno kwa Shire, chakuno ku Bangula.

Ndiyambe ndi yondiliza ija. Ndinaigula m'tauni, pasitolo ina yomwe sinditchula. Inali ya 15, ndiye kuti ya mphamvu ya mahosipawa 15, yonyezimira, dzina lake lovuta kutchula, mtengo pafupifupi theka la Yamaha Enduro. Wogulitsa anati kusiyana kwake ndi penti chabe. Miyezi iwiri inalira bwinobwino. Kenaka mvula inagwa kumtunda, Ruo anatsika ndi matope ake, madzi n'kukhala ngati thobwa.

Injini ya boti imazizira ndi madzi a mumtsinje omwewo. M'mwendo mwake muli kalabala kozungulira, impeller, kamene kamapopa madziwo, ndipo kakamagwira ntchito injini imakodza kumbuyo. Kangako mchenga unakadya msanga. Tsikulo ndinanyamula amayi asanu ndi mmodzi, matumba a mbatata ndi njinga ziwiri. Tili pakatikati ndinamva fungo la chinthu chopserera. Pocheuka, mkodzo wasiya. Inatsokomola kawiri, zii. Ndinakoka chingwe mpaka phewa kuwawa.

Amene sanazione sadziwa kuti boti likazima pa Shire siliima. Limatembenuka n'kupereka nthiti ku madzi, liwiro n'kuyamba kulikankha cham'mbali, ndipo aliyense akadzuka ndi mantha n'kupendekera mbali imodzi, zatha. Mayi wina wachikulire anangoti, "Achimwene, nkhafi muli nazo?" Ndinali ndi imodzi yokha, chifukwa mwini injini amadziona ngati anasiyana nako kupalasa. Tinatsetsereka mtunda ndithu mpaka tinakagwira bango, manja kuchekeka, aliyense akuyang'ana m'madzi poopa ng'ona.

Koma chinandipweteka kwambiri chinabwera pambuyo. Kalabala kaja ndinakafuna ku Nsanje, ku Nchalo, mpaka ku Limbe, osakapeza. Makaniko anayesa ka injini ina, sikanalowe. Kusitolo kuja anati tidikire katundu akubwera. Boti linakhala padoko milungu isanu ndi umodzi, ndipo ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa inathera m'maminibasi. Pano injiniyo ili kuseri kwa nyumba, nkhuku ikuikira pansi pake.

Imene ndili nayo tsopano ndi Yamaha Enduro 15, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinaigula kwa msodzi wa ku Mangochi. Yokalamba, yautsi, ya 2-stroke yofuna kusakaniza oilo ndi petulo. Koma poti asodzi ambiri kunyanja ali ndi zomwezi, pulagi, impeller ndi pulopela sizisowa, ndipo makaniko aliyense wa padoko amaidziwa m'mimba. Namasupuni akakulunga pulopela kapena kutseka timabowo tolowera madzi, ndimaitukula ndi dzanja limodzi, kuchotsa, kukoka kamodzi, yalira. Madzulo ndimainyamula paphewa kupita nayo kunyumba, akuba asandithandize kuisunga. Vuto lake: madzi akadzaza mu Febuluwale, boti lili ndi katundu, kukwera mtsinje imachita ngati ikupempha chilolezo.

Ya 40 ndi ya alamu anga. Mphamvu ilipo, sindikana, ndipo pamadzi olusa imakutulutsa msanga pamalo oipa. Koma paboti laling'ono imalemera kumbuyo, mphuno n'kuyang'ana kumwamba, mafunde ako omwe n'kumalowera kumatako ukachepetsa moto mwadzidzidzi. Shire amasuntha mchenga chaka ndi chaka, ndiye ukagunda chulu cha mchenga kapena chigogo uli paliwiro, anthu amagwera kutsogolo. Petulo imamwa ngati ili paukwati. Komanso imanyenga: poti ikukoka, umati tiwonjezere anthu ena atatu.

Za 4-stroke, zija zosafuna kusakaniza oilo ndi petulo, n'zachete ndipo sizimwa kwambiri, koma kulemera ndi mtengo wake zinandibweza.

Pa mvuu palibe ya 15 kapena ya 40. Mu Meyi 2023 mvuu inagubuduza bwato la anthu 37 pa Shire ku Nsanje, anthu ambiri n'kutsalira m'madzi. Ena amati phokoso la injini limazithamangitsa. Ine ndikaona makutu aja ndimalambalala patali, makamaka ikakhala ndi mwana, ndipo kukayamba mdima sindiolotsa ngakhale munthu alonjeze kulipira kawiri.

Ndiye inu a boti la matabwa losakula, gulani Enduro 15, ngakhale yakale, bola muione ikukodza musanapereke ndalama. Yotsalayo mugule ma life jacket, impeller yapadera yosunga m'thumba, ndi nkhafi ziwiri. Ya 40 isiyireni a maboti akuluakulu. Yonyezimira ija, amene akuifunabe abwere adzatenge yanga, koma adikire nkhuku iswe kaye.