Chingwe choluka, nayiloni ndi mtovu womizira nyambo: zimene ndaona pa Nyanja ya Malawi mwera utadutsa

Zipangizo zimene ndikufotokoza pano ndinazigula mvula itangotha, ndipo zagwira ntchito nyengo yonse ya mwera mpaka kufika m'miyezi yotentha, makamaka m'madzi a ku Senga Bay ku Salima. Ndinagula zingwe ziwiri zolimba mofanana, chilichonse chonyamula makilogalamu pafupifupi 14: nayiloni wokhuthala mamilimita 0.50, ndi chingwe choluka cha mamilimita 0.28. Ndinagulanso kachingwe ka pulasitiki yotchedwa fluorocarbon komangirira kumapeto kufupi ndi mbedza, pamodzi ndi mitovu yomizira nyambo yoyambira magalamu 30 kufika 150. Zonsezi ndaziyesa pa njira ziwiri: kukoka nyambo kumbuyo kwa boti likuyenda pang'onopang'ono pofuna ncheni, ndi kukweza ndi kutsitsa nyambo pansi pa boti loima pofuna nsomba zokhala kwakuya monga kampango.

Chachikulu chimene miyeziyi yandionetsa ndi chakuti funso lakuti mtovu ulemere bwanji silingayankhidwe munthu asanasankhe chingwe. Madzi amakankha chingwe pa utali wake wonse, ndipo chingwe chikakhala chokhuthala chimakankhidwa kwambiri, moti nyambo imanyamuka n'kuyamba kuyandama kutali ndi pamene nsomba zili. Pa malo akuya mamita 40, kukakhala kamphepo kokankha boti, nayiloni ankafuna mtovu wa magalamu 120 kapena kupitirira kuti chingwe chiime molunjika pansi, pamene chingwe choluka chinkaima bwino ndi magalamu 70 kapena 80. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa munthu akamawerenga, koma mkono umene ukukweza ndi kutsitsa mtovuwo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kukwera umakumva ndithu.

Pa kuwedza kokweza ndi kutsitsa, chingwe choluka chapambana mosakayikitsa, ndipo chifukwa chake si kuonda kokha. Nayiloni amatamuka kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake asanaduke, pamene choluka chimatamuka pang'ono zedi. Ndi choluka ndimamva mtovu ukagunda pansi, ndimasiyanitsa mchenga ndi mwala, ndipo kampango akangokhudza nyambo ya usipa uthenga umafika m'dzanja nthawi yomweyo. Ndi nayiloni pa kuya komweko, nthawi zambiri ndinkangozindikira kuti nsomba inabwera nditakweza mbedza yopanda nyambo. Pakali pano mtundu wa chingwe cholukacho wasuwa, ndipo mamita oyambirira anayamba kutuluka timaubweya chifukwa chokhudzana ndi m'mphepete mwa boti, koma nditadula gawo limenelo chotsalacho chidakali cholimba. Nditafika pakati pa nyengo ndinachitembenuza pa chokulungira chingwe cha pa ndodo, mbali imene inali mkati n'kukhala kunja, ndipo motero chinakhala ngati chatsopano.

Komabe chingwe chimenechi chili ndi zofooka zimene ogulitsa sakonda kuzitchula. Mwala umachidula mosavuta chikakhala chokokeka, ndipo pansi pa nyanja yathu m'mbali mwa zilumba ndi miyala yokhayokha. Mfundo zimene tinazolowera pomanga nayiloni zimapulumuka pa chingwe choluka chifukwa ndi choterera. Mfundo yotchedwa Palomar ndiyo yagwira bwino pomanga mbedza ndi kachitsulo kozungulira kamene m'masitolo amakatchula swivel. Choposa zonse, chingwe chimenechi chimacheka zala. Asodzi ambiri a m'mabwato amawedza atagwira chingwe m'manja popanda ndodo ndi chokulungira, ndipo munthu wotere sindingamulangize kugula choluka ngakhale atachipeza chotsika mtengo, chifukwa nsomba yaikulu ikathamanga nacho chimalowa m'mnofu ngati lumo. Chikakodwa pansi, chikulungeni pa kamtengo ndipo mukoke ndi kamtengoko.

Pa kukoka nyambo kumbuyo kwa boti zinthu zatembenuka, ndipo apa nayiloni wotsika mtengo uja ndiye wandikhutiritsa. Ncheni imagwira nyambo ikuthamanga pamene boti nalonso likuyenda, ndipo kugwedeza konseko kumafunika penapake pothera. Kutamuka kwa nayiloni kumameza mphamvu imeneyo, pamene choluka chimaifikitsa yonse pakamwa pa nsomba, mbedza n'kung'amba mlomo n'kutuluka. Nsomba zambiri zimene zinapulumuka zitayandikira boti zinali za pa chingwe choluka. Vuto la nayiloni ndi dzuwa ndi kukalamba: pofika kumapeto kwa mwera anali atauma, akutuluka pa chokulungira ali wopindikapindika, ndipo mfundo zake zinayamba kuduka ndikangokoka ndi manja. Nayiloni ndi chingwe cha nyengo imodzi, ndipo ndi bwino kumugula mukudziwa zimenezo, n'kumamusunga pamthunzi m'malo momusiya m'boti tsiku lonse.

Kaumbidwe ka mtovu nakonso kanali ndi gawo lalikulu pa kukoka. Mitovu yobulungira yokhala ndi bowo pakati inkazungulira m'madzi n'kupota chingwe, moti pobwerera kumtunda ntchito inali yomasula zopiringizika. Mtovu wautali wopindika pang'ono, wokhala ndi kachitsulo kozungulira mbali zonse ziwiri, umayenda mosatembenuzika, ndipo unathetsa vutoli. Ndimaumanga mamita awiri kapena atatu patsogolo pa nyambo kuti nyamboyo izisewera momasuka. Pofuna kudziwa pamene nyambo ili, ndimayang'ana mmene chingwe chapendekera polowa m'madzi: chikapendeka theka pakati pa kuima ndi kugona, kuya kwake sikupitirira mamita 7 pa mamita 10 alionse amene ndatulutsa, ndipo kawirikawiri kumachepera pamenepo chifukwa chingwe chimapinda m'madzi. Boti likawonjezera liwiro pang'ono chabe nyambo imakwera kwambiri, choncho kuchepetsa injini kumathandiza kuposa kuwonjezera mtovu.

Za fluorocarbon sindinena zambiri. Madzi a nyanjayi ndi oyera kwambiri, ndipo kachingwe kameneka sikaoneka msanga m'madzi poyerekeza ndi choluka. Kamapiriranso miyala ndi mano akuthwa a ncheni kuposa zinzake. Ndi kodula, koma mita imodzi kapena iwiri pa mbedza iliyonse ikukwanira. Ndimakasisita ndi zala nsomba iliyonse ikatuluka, ndipo ndikamva pokhakhala ndimadula n'kumanganso.

Pa malo a miyala ndinayamba kumanga mtovu pa kachingwe kakekake kofooka kuposa chingwe chachikulu, kuti ukakodwa uduke wokha, mbedza ndi nsomba zisatayike. Njirayi imagwira ntchito, koma yandichititsa kuganizira za mtovu umene tikusiya pansi pa nyanja. Mtovu timaukonda chifukwa ndi wolemera pa kakulidwe kochepa, pafupifupi kuwirikiza ka 11 kulemera kwa madzi pamene chitsulo sichifika ka 8, ndiponso umasungunuka pa madigiri 327 okha, n'chifukwa chake ena amausungunula pa mbaula kuchokera m'mabatire akale a galimoto. Koma mtovu ndi poizoni, ndipo ana ndi amene umawavulaza kwambiri. Kuusungunula pakhomo, pafupi ndi pophikira, kapena kuufinya ndi mano pa chingwe, ndi zinthu zoyenera kuleka. Ku England, mitovu ing'onoing'ono yowedzera yolemera pakati pa magalamu 0.06 ndi 28 inaletsedwa mu 1987 chifukwa mbalame za m'madzi zinkafa zikaimeza. Nyanja imene anthu ochuluka chotere amamwa madzi ake ndi kudya nsomba zake siyenera kukhala dzala la mtovu. Ndi bwinonso kukumbukira kuti zilumba za Maleri zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuwedza ndi koletsedwa m'kati mwa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumbazo, ngakhale miyala ya kumeneko ikope bwanji.

Pa chifukwa chimenechi, m'miyezi yomaliza ndinayesa zomizira zachitsulo m'malo amene ndikudziwa kuti kukodwa n'kosapeweka. Zimachita dzimbiri, ndipo popeza ndi zazikulupo pa kulemera komweko, madzi amazikankha kwambiri. Pa nayiloni wokhuthala zinkavuta kufika pansi kukakhala mphepo, koma pa chingwe choluka zinatsika mokwanira mpaka mamita 30. Nyengo ikubwerayi ndigulanso nayiloni watsopano wa kukoka, ndisunga choluka chomwechi pa ndodo yowedzera pansi, mitovu yaitali ndiisiyira madzi opanda miyala kumene siitayika, ndipo m'miyala ndizimiza ndi chitsulo.