2JZ kapena RB26: iti yoyenera galimoto yoyenda nayo mumsewu?

Injini ziwirizi, 2JZ-GTE ya Toyota ndi RB26DETT ya Nissan, zimafanana pa zambiri. Zonse ndi za ku Japan, za masilinda 6 ondondozana, block yake ndi yachitsulo cholemera osati aluminiyamu, ndipo zonse zinatuluka m'fakitale ndi ma turbo awiri. Papepala ku Japan ankazilemba 280 PS (mahatchi pafupifupi 280) chifukwa makampani a kumeneko anagwirizana zosalengeza mphamvu yoposa apo. Koma mukafuna mahatchi 500 kapena 600 pa galimoto yoti mawa mupite nayo kuntchito, m'pamene zimasiyana.

Yambani ndi ulendo wa pisitoni. Mulifupi mwa silinda ndi mamilimita 86 konsekonse, koma pisitoni ya 2JZ-GTE ya Toyota imayenda mamilimita 86, pamene ya RB26DETT ya Nissan imayenda 73.7. N'chifukwa chake ina ndi ya malita 3.0, inayo 2.6. Kusiyanaku kumamveka kuphazi. Ambiri akamasaka mphamvu amachotsa ma turbo awiri aja n'kuikapo imodzi yaikulu, ndipo turbo yaikulu imafuna utsi wambiri kuti idzuke. 2JZ utsiwo imaupeza msanga: mukutuluka pa raundabauti mu giya yachitatu, mwaponda pang'ono, galimoto yanyamuka. RB26 pamalo omwewo imayamba yaganiza kaye. Moyo wake uli kumwamba, cha ku 8,000 rpm, ndipo ikafika kumeneko, ndi ma throttle ake 6 aja, kulira kwake kulibe mnzake. Apo sinditsutsa.

Komatu RB26 anaipangira mpikisano. Galimoto ya Nissan yokhala ndi injiniyi, Skyline GT-R R32, inatuluka mu 1989, n'kupambana mipikisano yonse 29 ya Group A imene inalowa ku Japan. Mbiri yabwino, koma yogula injini ya zaka 30 amagulanso matenda ake. Pa ma R32 oyambirira, mphuno ya crankshaft imagwira pampu ya oyilo pang'ono chabe. Mukaithamangitsa, magiya a pampuyo amasweka, oyilo n'kuleka kuyenda, injini yanoka. Oyilo amakondanso kudikha kumutu m'malo motsikira pansi. Zonsezi mankhwala alipo, kolala ya crank, pampu yolimba, sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) yaikulu, koma ndi ndalama zoyamba kulipira musanawonjezere hatchi ngakhale imodzi. Sampu yake ilinso ndi difu ya kutsogolo, poti GT-R imakoka ndi mateyala onse anayi. Kuiika m'galimoto yokoka ndi kumbuyo kokha ndi ntchito inanso.

2JZ njokhululuka. Ambiri amafika pa mahatchi 600 asanakhudze mapisitoni ndi ma conrod a kufakitale. Simukakamizikanso kusaka ya mu Toyota Supra, imene mtengo wake unapenga. Toyota Aristo inali ndi injini yomweyo. Kungoti ya mu Aristo sampu yake ili kutsogolo ndipo imabwera ndi giyabokosi ya otomatiki. Apa mpamene 2JZ imaluma. Giyabokosi ya manyuwo ya Getrag V160 ya magiya 6 ya mu Supra njosowa ndiponso njodula koopsa, choncho anthu amathawira ku R154 ya magiya 5, kapena CD009 ya mu Nissan 350Z yolumikiza ndi adaputa.

Chenjezo limodzi likukhudza zonse ziwiri: ma turbo a pa magalimoto ogulitsidwa mu Japan momwemo ali ndi mapiko a ceramic. Musanyengeke n'kungokweza boost (mphamvu imene turbo imakankhira mpweya mu injini); mapikowo amathothoka.

Ine ndikanasankha 2JZ, ndipo thumba likakana ndikanatsikira kwa mng'ono wake, 1JZ-GTE ya malita 2.5, ya mu Mark II, Chaser ndi Cresta. Kuno kwathu makaniko wodziwa Toyota sasowa, ndipo zina mwa masipeya a 2JZ-GTE zimagwirizana ndi za 2JZ-GE yopanda turbo ya mu Crown ndi Lexus GS300. Za RB26 pafupifupi chilichonse n'choitanitsa kunja n'kudikira.

Iliyonse mungatenge, ikani padera ndalama ya ma injector, pampu ya petulo, intercooler, kilatchi ndi ECU (kompyuta ya injini) yotheka kusintha. Ndipo kompyutayo katswiri aikonzere pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) ndi petulo yemwe mumamwetsa tsiku ndi tsiku, osati mapu okopera pa intaneti a munthu wa ku America woyendera E85 (mafuta ochuluka ethanol). Petulo wofooka pa boost yaikulu amaphulika nthawi isanakwane, ndipo pisitoni ya Toyota imasungunuka chimodzimodzi ndi ya Nissan.