Mabatani a mausi mu Emacs: zomwe zapirira kuchokera dzinja mpaka msika wa fodya

Mvula itangoyamba ndinalemba za momwe ndinagawira ntchito mabatani a mausi mu Emacs, pulogalamu imene ndimalembera nkhani za ulimi komanso mindandanda ya alimi a m'makalabu kuno ku Kasungu. Kwa inu amene simunawerenge, dongosolo lake linali lalifupi. Batani lililonse la pa kiyibodi likhale ndi tanthauzo limodzi likaphatikizidwa ndi mausi: Shift wotalikitsa zomwe wasankha, Alt wosankha choimirira ngati mzati, Ctrl wa kaonekedwe. Batani la pakati likhale lomata, la kumanja la menyu, ndipo awiri a m'mbali akhale osinthira mafayilo. Tsopano mabelo a fodya ali ku msika wa Chinkhoma, mindandanda yadutsa m'manja yambirimbiri, ndiye ndingathe kunena zimene dzanja lavomera ndi zimene lakana.

Chimene ndikuchiyamikira kwambiri ndi batani la kumanja. Emacs ikangoikidwa kumene, batani limeneli siliturutsa menyu ayi. Limagwira ntchito yotchedwa mouse-save-then-kill: ukadina kamodzi limasankha mawu kuchokera pomwe unali kulemba kufika pomwe wadinapo, ukadinanso pamalo omwewo limawadula. Kwa akatswiri akale n'chinthu chanzeru ndithu. Koma mphwanga amene amandithandiza kutaipa Loweruka anaphunzira kompyuta pa Windows. Akadina kumanja osaona menyu amadinanso, ndipo ndime yonse imasowa iye ali maso. Kuyambira mu Emacs 28, imene inatuluka mu 2022, muli context-menu-mode, imene imachititsa kuti batani la kumanja liziturutsa menyu. Ndinangoiyatsa, ndipo chiyambire palibe dzina la mlimi limene lasowa mwanjira imeneyo. Maganizo anga pano ndi olimba: ntchito yofufuta isakhale pa mausi. Chala chimadina kawiri chisanafunse mutu.

Ambiri amalangiza kuti mouse-save-then-kill yomweyo uyisamutsire pa Shift ndi batani la kumanzere, kuti uzitalikitsa zosankha monga m'mapulogalamu ena. Ine ndinakana, chifukwa kumeneko n'kungosamutsa msampha. Ndinalemba kalamulo kanga ka mizere yochepa kongotalikitsa basi, kosadula kanthu. Pali chinthu chimodzi chimene chimazunguza anthu apa. Emacs imawerenga kukanikiza batani ndi kulisiya ngati zochitika ziwiri: down-mouse-1 ndi mouse-1, kapena drag-mouse-1 ngati wakoka. Menyu yosinthira zilembo inamangidwa pa Shift ndi kukanikiza, choncho imatulukira chala chisanachoke pa batani, lamulo lako lisanapeze mpata. Uyenera kuyamba wamasula S-down-mouse-1, kutanthauza Shift ndi kukanikiza batani la kumanzere. Ukasokonezeka, C-h k (mu Emacs C- amatanthauza kugwira Ctrl) kenako n'kudina imakuuza chimene chamangidwa pamenepo.

Alt ndiye anali ndi eni ake awiri. Pa laputopu yanga pali Xfce, pulogalamu yoyendetsa mawindo pa Linux, ndipo kumeneko ukagwira Alt n'kukoka, windo yonse ndi imene imasuntha, Emacs osamva n'komwe kuti wadina. Zimakonzedwa mu Window Manager Tweaks, pa Accessibility, posintha batani logwirira mawindo kukhala Super, lija lili ndi chizindikiro cha Windows. Nditatero ndinapereka Alt ku ntchito yosankha choimirira, imene kuyambira mu Emacs 27 imapezeka pa Ctrl ndi Alt pamodzi. Mabatani awiri kuphatikiza kukoka n'zolemetsa dzanja, limodzi n'lokwanira. Mtengo wake unali kutaya secondary selection, kusankha kwachiwiri kumene Emacs inaika pa Alt. Kunena zoona sindinakusowepo ngakhale tsiku limodzi. Pamene kalabu ya ku Santhe yatumiza mndandanda wokhala ndi mayina, midzi ndi makilogalamu a soya, ine n'kufuna makilogalamu okha, ndimagwira Alt, kukoka kutsika, basi. Ubwino wina ndinauona nditakhala pa kompyuta ya mnzanga yokhala ndi Notepad++, pulogalamu ina yolembera: kumenekonso Alt ndi kukoka zimachita zomwezo, moti dzanja silinadabwe.

Pali kanthu kena kamene sindinakaganizire poyamba koma kakhala ka tsiku ndi tsiku, kudina kawiri kuti usankhe liwu. Chichewa chathu chadzaza ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja: ng'ombe, m'munda, n'zoona. Mu text-mode, dongosolo lolembera mawu wamba, Emacs imakawerenga ngati mbali ya liwu, ndiye ukadina kawiri pa ng'ombe imatenga liwu lonse. Koma fayilo ikatseguka mu fundamental-mode, monga zimachitikira ndi mafayilo amene Emacs sikuwadziwa mtundu, umangotola "ng" kapena "ombe". Mayina ngati Ng'oma ankaduka pakati pokopera. Ndinauza Emacs kuti mindandanda yanga yonse izitseguka mu text-mode, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene mumagwiritsa ntchito VS Code, fufuzani editor.wordSeparators muchotsemo kachizindikiroka.

Tsono batani la pakati. Apa mtima wanga udakali pawiri. Pa Linux, chilichonse chimene wasankha chimasungika chokha pamalo otchedwa primary selection, osiyana ndi clipboard mosungira zimene wakopera, ndipo batani la pakati limachimata nthawi yomweyo. N'zachangu zedi. Vuto n'lakuti pa mausi zathu zotchipazi batani la pakati ndi kawilo komweko kotsitsira tsamba. Kakayamba kulimba ndi fumbi la chilimwe umakakanikiza kwambiri, ndipo pakati pa nkhani ya kasamalidwe ka mtedza mumalowa nambala ya foni imene unasankha m'mawa. Ndinayesa mouse-yank-at-point, imene imachititsa kuti mawu amatidwe pomwe ukulemba osati pomwe pali muvi wa mausi. Zinathandiza kuti ndiziona msanga, koma ngozi yake sinathe. Pa tachipadi n'zoipirapo, chifukwa kugunda ndi zala zitatu kumawerengedwa ngati batani la pakati. Pomaliza ndalisiya lopanda ntchito ndipo ndimamata ndi C-y. Ndimalisowabe, makamaka potenga manambala ku teminolo, windo yolemberamo malamulo a kompyuta.

Mabatani a m'mbali, amene Emacs pa X11, dongosolo loonetsera mawindo pa Linux, imawatcha mouse-8 ndi mouse-9, anagwira bwino mpaka mausi yakeyo inafa. Imene ndinapeza pa boma ilibe mabatani amenewo, ndipo sindinapite ku Lilongwe kukasaka ina chifukwa C-x ndi muvi wa kumanzere kapena kumanja zimachita zomwezo. Zina zimene ndinkaziona ngati luso, zophatikiza Ctrl, Shift ndi batani la kumanja, ndinaziiwala ndekha mwezi usanathe. Posachedwa ndinazipeza mu init.el, fayilo yosungira malamulo anga a Emacs, ngati makasu a dzimbiri kuseri kwa nkhokwe, n'kuzichotsa. Ctrl ndi kawilo, kokulitsira zilembo, ndinakasiya momwe kanabwerera, ndipo kamathandiza pamene a tcheyamani akufuna kudziwonera okha dzina lawo pa sikirini magalasi ataiwala kunyumba.

Chimene sichinatheke mpaka pano ndi ntchito ya kumudzi. Ndikapita ku Chamama kapena ku Chulu laputopu imakhala pa maondo, pa benchi la pa sukulu, popanda poika mausi. Kugwira Alt ndi dzanja limodzi, lina likukanikiza tachipadi n'kukoka, kumatheka pa mizere isanu, koma pa mndandanda wa kalabu yonse chala chimafika kumapeto kwa tachipadi mayina asanathe. Kumeneko ndimagwiritsa ntchito C-x SPC (SPC ndi batani la sipesi), imene imayatsa rectangle-mark-mode yosankhira choimirira, n'kutsika ndi mivi ya pa kiyibodi. Mphwanga akuti ndiyike lamulo limeneli pa F8 kuti iye asamaloweze zambiri, ndipo ndikuganiza zomumvera mindandanda ya mbewu ndi feteleza isanayambe kubwera.