Malaiti a LED pa Hiace yathu yogonamo, mvula ndi fumbi zitawayesa

Sabata ino ndalipira K650 kwa amisiri a zamagetsi ku Garden mu Lusaka, ndipo lisiti imeneyi ndi imene yandibwezera ku nkhani ya malaiti. Chaka chatha ndinawatama kwambiri mababu a LED amene ndinaika pa Toyota Hiace yathu, ija tinachotsamo mipando n'kuikamo bedi, kachitofu ka gasi ndi thanki ya madzi. Pali anzanga amene anagula atamva mawu anga, ndiye ayenera kumvanso zimene zachitika.

Zabwino zilipo ndithu. Pa dimu kuwala kumafika mpaka m'mbali mwa msewu, moti anjinga onyamula makala pakati pa Chongwe ndi Rufunsa ndimawaona ndikadali patali. Batire silivutika, chifukwa babu wamba wa H4 amadya mawati 55 pa dimu ndi 60 pa fulu, pamene awa safika pamenepo. Galimotoyi inachokera ku Japan kumene amayendanso kumanzere ngati ife, choncho kuwala kumapendekera mbali yoyenera. Fitinesi ya RTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, inadutsa bwinobwino.

Vuto ndi laiti ya kumanzere. Inayamba mu Ogasiti tikuchokera ku Kulamba ku Katete, titayendayenda m'misewu ya fumbi kukaona abale kumudzi. Ukayatsa imawala bwino, koma injini ikatentha imayamba kuphethira, kenako n'kufooka ngati koloboyi. Tsiku limene inandiopsa kwenikweni tinali pa Manenekela usiku, titawoloka mlatho wa Luangwa. Amene anayendapo akudziwa makhota ake, phiri uku phompho uku, malole a ku Malawi ndi ku Mozambique akubwera motsatizana. Mbali imene inazima ndi yomwe imaonetsa m'mphepete mwa msewu. Mayi a kunyumba anangogwira mpando osayankhula, ana ali m'tulo kumbuyo. Ndinaima pamalo otakasuka, laiti inazizira, n'kuyakanso ngati palibe chimene chachitika. Zinapitirira choncho mpaka tinafika mu Lusaka, ndipo mwezi wa Okutobala, kutentha kutafika pachimake, sinkafunikanso ulendo wautali kuti iyambe.

Amisiri atatsegula anandionetsa chifukwa chake. Babu wa LED satentha kutsogolo ngati wamba, amatentha kumbuyo, n'chifukwa chake ali ndi kafani kakang'ono komuziziritsa. Kafani ka kumanzere kanali katauma gwa ndi fumbi lofiira. Kakaima, babu amadzichepetsera yekha mphamvu kuti asapse. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mnyamata wa kushopu amene anandiikira anadula labala yotseka kumbuyo kwa laiti kuti kafaniko kalowe, osandiuza. Fumbi ndi chinyezi zakhala zikulowa mpaka m'kati, ndipo chonyezimira cha m'katimo chayamba kuchita mbuu. "Bambo, labala iyi sikhala pano mokongoletsa," anatero amisiriwo, ndipo sindinawayankhe chifukwa cha mkwiyo.

Kuyera kwa kuwalako nakonso kuli ndi nyengo yake. Pabokosi analemba 6000K, nambala yosonyeza mtundu wa kuwala, kutanthauza kuwala koyera kopita ku buluu. Msewu ukakhala wouma n'kosangalatsa. Mvula ikamagwa phula lakuda limangokumeza, ndipo mu fumbi kapena mu utsi wa tchire kumabwerera m'maso mwako. Babu wamba, wa pafupifupi 3200K, ndi wachikasu ndipo maso anga satopa naye msanga pa nyengo zoterezi. Komanso pagalimoto yogonamo kulemera kumasinthasintha. Malita 100 a madzi ndi makilogalamu 100, ndipo thanki yathu ili kumbuyo. Ikadzaza, mphuno ya galimoto imadzuka, kuwala n'kulunjika m'maso mwa obwera kutsogolo. Madalaivala a malole amandiyatsira fulu pobwezera, ndipo sindiwaimba mlandu. Tinakonza poimika galimoto yodzaza katundu mamita 10 kuchokera pakhoma, n'kutsitsa malire a kuwala ndi masentimita 10 mpaka 15 pansi pa msinkhu wa laiti.

Chimene chandisangalatsa sindinachiyembekezere. Podikira kuti nkhani ya LED ithe, amisiri anabwezera mababu wamba, koma anayamba ayeza magetsi. Pabatire injini ikulira panali mavoti 14, pababu pankangofika 12 osakwana. Mawaya akale ndi switchi yotopa zinkadya otsalawo. Babu wamba akaperewera magetsi ndi gawo limodzi pa magawo 10, kuwala kwake kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo atatu. Anaika marileyi awiri (timaswitchi toyendetsedwa ndi magetsi), fyuzi ndi waya wokhuthala wochokera kubatire mwachindunji, anasintha malabala, n'kupukuta magalasi amene anali atachita chikasu ndi dzuwa. K650 ija inapita pamenepo. Usiku womwewo ndinayesa pa Leopards Hill Road, ndipo mababu otchipa aja ankawala mokwanira kuyenda mtima uli m'malo. Safika pa LED ikakhala bwino, koma kusiyana kwake ndi kochepa kuposa mmene ndinkaganizira pamene ndinkatulutsa K2,400 pogula mababu awiri a LED aja.

Tsono ogulitsa. Pogula anandiuza pakamwa kuti waranti ndi ya chaka, lisiti n'kulembapo mtengo wokha. Nditabwerera ndi babu m'manja, mwini shopu anati, "Abwana, fumbi si vuto la fakitale." Ndinawafunsa kuti msewu wopanda fumbi m'Zambia muno ndi uti, komanso kuti labala anadula ndani. Anati mnyamatayo anasiya ntchito. Anatinso sagulitsa babu mmodzi, ndigule awiri pamtengo wonse. Nditatchula zokadandaula ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe la boma loteteza ogula, mawu anafewa, akuti ndibwere kumapeto kwa mwezi katundu akafika, adzandipatsa mmodzi pa theka la mtengo.

Masiku ena ndimafuna kungowataya mababuwa. Ndikakumbukira mmene ankaonetsera anthu oyenda pansi pa Great East Road, mtima umabwerera, chifukwa ulendo wa ku Chipata ndi wa makilomita oposa 550 ndipo mdima umakupeza ndithu. Alamu anga amene akufuna kuika pa Coaster yawo ndawauza kuti aone kaye ngati ili ya mavoti 24, ayambe ndi marileyi ndi kulunjika malaiti, ndipo akafuna LED asankhe yolowa popanda kudula labala, waranti italembedwa palisiti. Ine theka la mtengo sindilipira. Labala anadula ndi iwo, ndipo kumapeto kwa mwezi ndikukafuna babu waulere kapena K1,200 yanga.