Kashopu ka zithunzi ndi kudinda zala: za laisensi ya mfuti kuno ku Ohio

Kwa amene muli kuno ku Ohio ndipo mukuganiza zotenga laisensi yoyenda ndi mfuti yobisa ija amati CHL, pali kashopu kena kojambula zithunzi za pasipoti ndi kudinda zala kamene ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodziyo ndachotsa dala, ndinena chifukwa chake. Dzina sinditchula, mashopu otere alipo ambiri, chachikulu ndi kudziwa zoti muyang'ane mukalowa.

Ena afunsa kuti ndiye mukuvutikiranji poti kuyambira pa 13 Juni 2022 munthu wa zaka 21 amene lamulo silikumuletsa atha kuyenda nayo kuno popanda laisensi. Zoona, koma ufulu umenewo umathera pamalire a Ohio. Mukangolowa Michigan akufuna pepala, ndipo la Ohio amalilandira ngati ndinu wokhala ku Ohio. Palinso lamulo la dziko lonse la America la 1990 loletsa mfuti mkati mwa mafiti 1,000 kuchokera pasukulu, amene ali ndi laisensi ya state yomwe kuli sukuluyo lamuloli limawapatula, ndiye tangoganizani sukulu mmene zachulukira m'matawuni muno. Komanso abale anga a viza ya sukulu kapena ya ulendo, nkhani iyi si yanu, lamulo la dziko lonse limakuletsani kukhala ndi mfuti kupatula m'njira zochepa kwambiri. A green card, chiphaso chija chokhalira mu America mokhazikika, ndi nzika ndi amene angayambepo.

Zomwe amafuna ku ofesi ya sheriff, mkulu wa apolisi wa county (boma) amene amapereka laisensiyi, ndi fomu, satifiketi ya maphunziro a maola 8 omwe awiri mwa iwo ndi a kokaombera, ID, ndalama $67 ngati mwakhala mu Ohio zaka 5, ngati simunakwanitse mumawonjezerapo ya kafukufuku wa FBI, ndi chithunzi cha kala chojambulidwa mkati mwa masiku 30 musanapereke fomu. Apa ndi pamene anthu amagwera. Cha pasipoti amalola cha miyezi 6, ndiye munthu amangotenga chotsala mu waleti nkumati ndi chomwecho, ayi ndithu, apa ndi masiku 30 basi.

Ine ndinayambira ku famasi ina yaikulu poti ndi pafupi komanso kotchipa. Mnyamata wa pakauntala anatsitsa kansalu koyera pakhoma pafupi ndi mafiriji a zakumwa, kundiimika ndithu kumbuyo kukugunda kansaluko, kamodzi kha, wapita kukaprinta. Chomwe chinatuluka abale, kumbuyo koyera mbee, nkhope bii, maso awiri okha ndi amene amasonyeza kuti pali munthu, nkhope yonse yangokhala ngati pansi pa mphika. Ndikumuuza kuti achimwene ichi sichingadutse, iye akuti makina ndi amene amasankha okha. Ndipo mbali ina sananame, kamera ikaona zoyera zambiri imachepetsa kuwala yokha kuti zoyerazo zisapse, ndiye wolipira mtengo wake ndi iwe wa khungu lakuda. Wojambula akakhala kuti sadziwa kuikonza kamerayo, palibe chimene mungapange.

Ku kashopuka ndi mayi wina wachikulire amene amagwira yekha ndi mtsikana wothandizira. Atangondiona anayamba ndi kusuntha magetsi, awiri, lina uku lina uku, kenako anandiuza ndisunthe patsogolo pang'ono kuchoka pakhoma kuti chithunzithunzi changa chisagwere kumbuyo. Anandipatsa tishu ndipukute pamphumi ndi pamphuno poti mafuta odzola amabweza kuwala nkupanga chigamba choyera pankhope. Magalasi anati vulani, za pasipoti anasiya kulola magalasi mu 2016 ndipo iwo amatsata muyezo womwewo kuti chithunzi chidutse kulikonse. Ndinavala malaya oyera, anatulutsa kajekete kakuda kamene amasunga kuseri kwa chitseko chifukwa cha anthu ngati ine, kuti mapewa asasowe mu khoma. Atajambula sanathamangire kuprinta ayi, anatembenuza sikirini nkundifunsa ngati ndikudzizindikira, ndipo pamene chibwano chinakwera kwambiri anabwereza osadandaula. Atatha anaika kapulasitiki koyezera pamwamba pa chithunzi, mainchesi 2 mbali zonse, mutu kuchokera kuchibwano mpaka pamwamba uzikhala pakati pa inchi 1 ndi inchi 1 3/8. Nkhope inatuluka yanga yeniyeni, mpaka kachipsera ka pachikope kakuoneka. Ku sheriff sanachiyang'anenso kawiri.

Tsopano zala, pamene ndinaona kuti mayiwa ntchito yawo amaidziwa.

Choyamba mudziwe kuti za laisensi ya Ohio zala sadinda kushopu, amadinda komweko kwa sheriff pa makina a galasi, zimapita pakompyuta kukafufuzidwa ku BCI, ofesi ya Ohio yofufuza za milandu. Mutha kupereka fomu ku county yanu kapena yoyandikana nayo. Mayiwa anandiuza okha zimenezi, akanafuna akanangondidyera ndalama ya khadi yodindapo zala yomwe sindikaigwiritsa ntchito, koma anati ayi pitani kaye kumeneko. Kungoti asanandisiye anagwira dzanja langa nkulitembenuza pansi pa getsi, akuti mumagwira ntchito yanji. Ine ndimasamala okalamba, kusamba m'manja kosatha, sanitaiza, magolovesi, bulichi, ndiye mizere ya zala inafufutika, zala zimangoti see. Anandiuza kuti anesi, omanga nyumba, otsuka mbale m'malesitilanti ndi anthu achikulire onse vuto lawo ndi lomweli, makina amangolemba kuti sizikuwerengeka. Malangizo awo anali oti ndizidzola loshoni m'manja usiku uliwonse kwa masiku angapo, pochapa ndi potsuka ndizivala magolovesi, ndikasungitse nthawi tsiku lotsatira tsiku langa lopuma osati ndikuchokera ku shifiti, ndipo tsiku lenilenilo ndisadzole chilichonse poti mafuta amadetsa galasi. Amene manja awo amatuluka thukuta ndi zosiyana, iwo apukute ndi sipiriti kaye ziume. Ndinatsata, ndipo kwa sheriff tachala tating'ono tokha ndi tomwe tinavutako pang'ono, kenako makina anavomera. Lamulo limawapatsa masiku 45 kuti ayankhe, laisensi yake ndi ya zaka 5.

Ndinabwereranso ku kashopu kaja pofuna pemiti ya mfuti ya Utah ya anthu okhala kunja kwa state imeneyo, yomwe amafuna mukhale kaye ndi ya kwanu, mupange kalasi ya mphunzitsi wovomerezeka ndi Utah, kenako mutumize chithunzi ndi khadi ya inki ija ya FBI, FD-258. Khadi imeneyi ili ndi timabokosi 10 ta chala chilichonse pachokha, pansi pali malo odinda zala zinayi pamodzi mbali iyi ndi iyo, pakati zala zazikulu ziwiri. Za m'timabokosi sangodinda ngati povota ayi, amachigudubuza chala kuchokera mbali ina ya chikhadabo mpaka mbali inayo, kamodzi, osabwerera. Mayiwa anandiimika chapambali, dzanja lili mulingo wa tebulo, nkunena kuti yang'anani kukhoma uko, dzanja likhale langa. Akuti anthu amaononga okha pofuna kuthandiza, amakanikiza, inki nkulowa m'mizere zonse nkusanduka chibanthu chakuda. Inki amapaka yochepa kwambiri moti ndinkaganiza kuti sizioneka, koma pakhadi mizere inatuluka umodzi umodzi. Chala china chitaterereka anamata kasitika koyera pabokosilo nkudindanso, ndipo china chilichonse amachiyang'ana ndi galasi lokulitsa asanapitirire. Anadinda makhadi awiri kuti ina ikhale yosungira, anaonetsetsa kuti ndalemba ndi inki yakuda ndipo ndasaina pamaso pawo, iwonso kusaina, nkuika mu envelopu yaikulu ndi katoni kumbuyo kwake, akuti mukangoipinda khadiyi mzere wopindawo ukadutsa pa chala ndiye mwayambiranso. Anandiuzanso kuti ngati zala zakanidwa kawiri chifukwa chosawerengeka, FBI ili ndi njira yofufuza ndi dzina, ndiye amene zala zanu zinatheratu musataye mtima, kungoti zimatenga nthawi.

Nyenyezi ija ndachotsa pa zifukwa izi. Mtengo ndi wokwera kuposa ku famasi, ndipo khadi yachiwiri amalipiritsa payokha, zomwe anandiuza atadinda kale, bwenzi atanena poyamba. Amatseka msanga ndipo Loweruka ndi theka la tsiku, kwa ife a shifiti ya usiku ndiye kuti tulo tatayika. Foni sayankha kawirikawiri poti manja amakhala ali mu inki, ndiye za apointimenti iwalani, mumangopita nkukhala pa mipando itatu yomwe ilipo, ndipo poti munthu aliyense amamutengera nthawi mzere suyenda, amene anabwera pambuyo panga ndi ana awiri anatopa nkubwerera. Poimika galimoto ndi pamavuto. Ndiponso tishu tonyowa timene amapereka sitichotsa inki yonse, ndinapita kuntchito zikhadabo zili zakuda mpaka agogo ena amene ndimawasamala anandifunsa ngati ndagona kupolisi.

Ngati khungu lanu ndi loyera ndipo zala zanu ndi za pa kompyuta, mwina ku famasi kukukwanirani. Enafe pitani kwa munthu woti ali ndi magetsi awiri ndi galasi lokulitsa, ndipo mufunse mtengo wa makhadi onse awiri asanatsegule inki. Valani malaya akuda, tengani ID yomwe ili ndi adiresi yanu ya panopa, ndipo chithunzi mujambulitse mutasungitsa kale tsiku kwa sheriff, chifukwa m'ma county ena mzere wa apointimenti umatalika kuposa masiku 30 aja.