Couch to 5K ya NHS: pulogalamu yothamanga imene imakukakamizani kupuma

Couch to 5K ndi pulogalamu yaulere ya pafoni yochokera ku NHS, bungwe loona zaumoyo ku Britain. Dzinali limatanthauza kuchoka pampando mpaka kuthamanga makilomita 5, ndipo inakonzedwera munthu amene watha zaka osathamanga. Imatenga masabata 9, kuthamanga katatu pa sabata.

Sabata yoyamba mumayenda ndawala mphindi 5, kenako kuthamanga masekondi 60 ndi kuyenda masekondi 90, mosinthanasinthana kwa mphindi 20. Mawu a mphunzitsi amakuuzani m'khutu nthawi yosinthira, choncho simuvutika ndi wotchi.

Chimene timaiyamikira kwambiri ndi tsiku lopuma pakati pa maulendo awiri aliwonse. Munthu akangoganiza zosintha moyo wake amafuna kuthamanga tsiku ndi tsiku, ndipo mtima ndi mapapo zimamulola msanga. Mafupa, maondo ndi mitsempha ya m'mapazi zimazolowera mochedwa. Ndiye chifukwa chake ambiri odumpha masiku opuma amayamba kumva kupweteka m'misongolo, n'kusiyiratu. Kupweteka kukakhala pamalo amodzi pafupa ndipo kukukula mukamathamanga, imani, mukaonane ndi dokotala.

Povuta penipeni ndi sabata yachisanu. Ulendo wachiwiri mumathamanga mphindi 8 kawiri, koma wachitatu akufuna mphindi 20 zathunthu osayenda. Kulumpha kumeneku n'kwakukulu. Mukakanika, bwerezani sabatayo ndipo chepetsani liwiro mpaka muzitha kulankhula uku mukuthamanga. Ambiri amagwa ndi liwiro, osati kutalika kwa nthawi.

Dzina lake limalonjeza zochuluka. Sabata yomaliza mumathamanga mphindi 30, ndipo kuti mukwanitse makilomita 5 m'nthawi imeneyo muyenera kutha kilomita iliyonse m'mphindi 6. Oyamba kumene ambiri safika pamenepo, ndipo ena amadziona ngati alephera pamene achita bwino ndithu.

Yaulere inde, koma nthawi mumalipira. Ulendo uliwonse umadya pafupifupi theka la ola, kuphatikizapo kuvala ndi kusamba ufika ku ola. Ola limenelo lichoka kwina. Amene amalichotsa ku tulo, kudzuka mbandakucha atagona mochedwa, amatopa msanga chifukwa thupi limadzikonza munthu ali mtulo. Kuli bwino kugwirizana ndi apabanja masiku atatu enieni musanayambe, monga Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, ndipo sabata ikapanikiza ndi ntchito kapena maliro, muthamange kawiri, ndondomeko italike ndi masiku ochepa.