Batire, mawilo ndi chishalo: zosankha podzutsa njinga yamoto yakale kuno ku Thyolo

Njinga zamoto zakale kuno sizisowa. Zina ankayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, zina akapitawo a m'maesiteti a tiyi, ndipo zambiri tsopano zangotsamira khoma kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndikunena za Yamaha DT125, AG100 ndi AG200, komanso Honda XL125 ndi CG125. Mukaipeza imodzi n'kudzutsa injini, chotsatira ndi batire, mawilo ndi chishalo. Wogulitsa masipeyala aliyense adzakuuzani kuti chimene ali nachocho "chilowa, bwana". Kulowa chilowadi, koma funso n'lakuti chikhala miyezi ingati.

Pa batire ndi pomwe ndalama zimapsa kwambiri. Musanagule dziwani kaye ngati njinga yanu ndi ya 6V kapena 12V. Zambiri za m'zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980 ndi za 6V, zoliza ndi kiki. Pa njinga zotere moto wa pulagi umachokera ku magineto, kachipangizo kopanga magetsi injini ikamazungulira, ndipo batire limangogwira ntchito pa hutala, maindiketa ndi nyali ya buleki. N'chifukwa chake zimalira ngakhale batire litafa. Koma musalichotseretu. Ndi lomwe limameza magetsi owonjezera injini ikakwera, ndipo likapanda kukhalapo mababu amayamba kupsa limodzilimodzi.

Batire lamadzi, lija lili ndi zitsekero pamwamba, anthu amalinyoza kuti n'lachikale. Limafuna kulisuzumira mwezi ndi mwezi, kuthiramo madzi a batire enieni, osati a pamjigo kapena a mumtsinje. Lilinso ndi kapaipi kotulutsira mpweya, ndipo kakathothoka asidi amadontha pa felemu ndi pa tcheni, dzimbiri n'kuyamba pomwepo. Batire lotsekeratu, losathira madzi, lilibe mavuto amenewa. Njinga ikagwa pamatope silitayika, ndipo mungathe kulibisa pansi pa chishalo. Ndiye aliyense amathamangira lotsekeratulo.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Njinga zakale zambiri zilibe regulator, kachipangizo kochepetsa magetsi akachuluka; zili ndi karekitifaya kokha, kamene kamasandutsa magetsi a koyilo kukhala oti batire lilandire koma sikawaletsa kupitirira muyeso. Mukamakwera mtunda wautali injini ikulira mokweza, monga kuchokera ku Luchenza kudza ku boma, batire limalandira magetsi ochuluka ndipo limawira. Lamadzi likawira mumangowonjezera madzi, ulendo n'kupitirira. Lotsekeratu likawira limauma mkati, limafufuma m'mbali, ndipo palibe pothirira. Choncho pa njinga yopanda regulator, lamadzi ndi lomwe limapirira. Lotsekeratu ndi la amene waikitsa regulator yabwino.

Kuyeza kwake sikovuta. Bwerekani mita kwa okonza mawailesi kapena masola. Batire la 12V lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6 injini itazima. Mukailiza n'kukoka moto, liziwerenga pakati pa 13.5 ndi 14.5. Zikadutsa 15, vuto si batire, musagule lina. Pa ya 6V muziona pafupifupi 7.

La lithium n'lopepuka zedi ndipo limasunga moto miyezi ingapo njinga ili chiimire. Koma n'lodula, m'misika yathuyi silipezeka, ndipo silikhululuka magetsi akapitirira 14.6. Pa njinga yoliza ndi kiki sindikuona chimene mukugula. Palinso akatswiri athu amene amamangirirapo kabatire ka sola ka 12V 7Ah ndi mphira ya chubu. Kamayatsa nyali, inde. Koma sikanapangidwire kugwedezeka kwa msewu wa miyala, timitu take n'topyapyala, ndipo pa AG200 ya sitata katopa msanga.

Nanga kusintha 6V kupita ku 12V? Chifukwa chomveka chilipo: mababu a 6V akusowa, ndipo kuwala kwake m'nkhungu ya chiperoni, mu June ndi July muja, n'kwa kandulo. Mukatero musinthe zonse pamodzi: regulator, mababu, hutala ndi kachipangizo kophethiritsa maindiketa. Pa njinga zina koyilo ya nyali imafunikanso kukulungidwa mwatsopano. Kungoika batire la 12V pa mawaya a 6V n'kuotcha mababu onse tsiku lomwelo.

Tibwere ku mawilo. Mkangano uli pakati pa a masipoko, amene njinga inabwera nawo, ndi aja oumbidwa a aloyi ochotsa pa njinga za kabaza zamasiku ano. A aloyi amakongola, savuta kutsuka, ndipo ambiri amalola tayala lopanda chubu, loti msomali ukabaya mpweya umatuluka pang'onopang'ono mpaka mukafike pokonzetsa. Matayala a 17 ndi 18 mumawapeza paliponse pamene pali siteji ya kabaza. Ngati ulendo wanu ndi wa patala pokhapokha, msewu wa M2 kuchokera ku Bvumbwe mpaka ku Chitakale kapena ku Muloza, ndipo njinga yanu ndi CG125, palibe chokuletsani.

Koma DT125 ndi XL125 zambiri zili ndi wilo la 21 kutsogolo ndi la 18 kumbuyo, ndipo sanaike choncho mwangozi. Wilo lalikulu limakwera mwala ndi mzere wokumbidwa ndi madzi popanda kukugwetsani. Mukaikapo la 17 mutu wa njinga umatsika, chiwongolero chimayamba kupepuka moopsa, ndipo injini imayandikira pansi. Kuwonjezera apo akiselo siifanana, mbale ya mabuleki siikhala pamalo pake, sipidomita imanama. Ndaonapo njinga zina zomwe owotcherera anachita kuphatikizapo kachitsulo kuti mbale ya buleki igwire. Potsetsereka ngati pa njira ya ku Thekerani, mutanyamula thumba la chimanga, ine moyo wanga sindingaupereke kwa kachitsulo kotero.

Limu ya masipoko ikagunda dzenje imapindika, ndipo mkulu wokonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo amaiwongola. Ya aloyi imang'aluka, basi mwataya. Langizo langa n'loti musunge habu yakale, mugule masipoko atsopano, ndipo ngati limu yadyeka musinthe yokhayo. Chotsani tayala muone mkati, chifukwa mvula yathu ino dzimbiri imayambira kumene simukuona. Masipoko muziwagogoda ndi sipanala: lolimba limalira "ting", lomasuka limangoti "phu". Musaiwalenso lamba wotchinga mitu ya masipoko. Chidutswa cha chubu chakale chimagwira ntchitoyo bwinobwino.

Matayala ndi nkhani ya kumene mumagona. Wa m'njira za katondo, zimene mvula ikangowaza zimaterera ngati therere, asankhe a mano akuluakulu, podziwa kuti patala amalira ndipo amatha msanga. Wa pafupi ndi msewu atenge a mano apakatikati. Pogula akaunjika onani manambala anayi ali m'mbali: 2319 akutanthauza sabata la 23 la chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mano akadalipo.

Chishalo ndi pomwe mungasewere mmene mukufunira, poti apa kulakwitsa sikupha munthu. AG inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand, n'chifukwa chake ili ndi makaliyala olimba komanso tcheni chotsekeredwa m'bokosi. Kudula kaliyala wotere kuti muikepo chishalo chachitali cha kabaza n'kutaya chinthu chimene aliyense wonyamula nthochi kapena zinanazi akuchisirira. Anyamata ena akukonda chishalo chopyapyala chafulati chimene amaona pa intaneti. Pachithunzi n'chokongola. Kayendeni nacho msewu wafumbi ola limodzi, msana udzakuuzani.

Osoka masofa amachikonza bwino, koma muwauze za siponji. Ya matiresi imafewa tsiku loyamba, pakatha milungu yochepa mwakhala pachitsulo. Yabwino ndi ija yolimba ya tizidutswa tamitundumitundu, pamwamba pake n'kuyalapo yofewa pang'ono. Pokutira, lekisini imaoneka bwino koma imang'ambika ndi dzuwa. Lona ya matenti a malole siikongola, koma imapirira ndipo siiterera ikanyowa. Mizere yosokedwa pamwamba ija, yomwe amisiri amaikonda pofuna kukometsera, ndi njira ya madzi. Siponji ikamwa mvula ya ku Mulanje imasunga madziwo masiku, buluku n'kumanyowa ngakhale kunja kuli ng'a. Auzeni ayale pepala la pulasitiki pakati pa siponji ndi chikutiro, msoko ukhale m'mbali, ndipo chitsulo chapansicho achipale n'kuchipaka penti asanamate chilichonse.